Kasitomala wanga wa zaka 7 wathawa ndi ngongole, koma akuti kafukufuku amati ndimunyengerere

NaBanda_Golosale
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi kagolosale ku Ndirande, chaka chino ndi chachisanu ndi chiwiri. Pali mayi ena amene akhala akugula kwa ine kuyambira nthawi imene ndinkagulitsira pawindo. Sopo, shuga, mafuta oyeza, buledi wa ana m'mawa, zonse kwa ine. Pakati pa mwezi ndimawalembera m'buku, mwezi ukatha amabweza. Apongozi awo atamwalira ndinakagona pasiwa masiku awiri, shopu ili chitsekere. Tsopano ngongole yaima pa K86,000 miyezi inayi, ndipo mayiwo asiya kudutsa pakhomo panga. Amazungulira kuseri kwa tchalitchi kukagula kwa mnyamata amene watsegula kumene kutsidya kwa msewu, ndipo kumeneko amalipira kashi. Dzulo ndawaona ndi maso angawa, jumbo ya shuga ili m'manja.

Mwana wa achemwali anga ali ku yunivesite, akuphunzira za bizinesi. Akuti anti musawakalipire, kafukufuku amati kusunga kasitomala wakale n'kotchipa kuposa kufuna watsopano. Ndiye ndifunse kwa inu odziwa: kafukufuku ameneyu anachitikira kuti? Anawerengerapo anthu ngati mayi awa?

Kabaza_wa_Ndix
Amayi, amenewo si kasitomala ayi. Ndi ngongole yomera miyendo.

Make_Mapasa
Kkkk Kabaza iwe. Koma zoona, wangongole sadutsa pakhomo. Wanga anafika posintha tchalitchi.

Gologolo_MBA
Mayi NaBanda, funso lanu loti "anachitikira kuti" ndi lomwe ophunzira ambiri safunsa. Mawu amene mwana wanuyo akunena anatchuka kuchokera ku America. Mu 1990, Frederick Reichheld wa ku kampani yolangiza mabizinesi ya Bain, ndi W. Earl Sasser wa ku Harvard, analemba kuti kampani ikachepetsa makasitomala othawa ndi 5 peresenti yokha, phindu likhoza kukwera ndi 25 mpaka 85 peresenti. Nambala imeneyi yazungulira dziko lonse, m'makalasi ndi m'maseminala momwe.

Koma taonani mabizinesi amene ankawayang'ana: makhadi a ngongole a kubanki, inshulansi, magalaja okonza magalimoto ndi ena otero. Kumeneko kuti upeze munthu mmodzi umayamba wawononga ndalama: kutsatsa, kulipira okopa anthu, kufufuza ngati munthuyo angabweze. Poyamba kampani imakhala ikuluza pa munthuyo, kudyerera kumabwera zaka zikamapita. Akathawa msanga, ndalama zija zalowa m'madzi. Nanga inu, kasitomala watsopano mumamugula ndi chiyani? Amangotulukira chifukwa mwatsegula ndipo shuga alipo. Chinanso, kampani ya khadi ija imadya chiwongoladzanja pa ngongole. Buku lanu lija silibala ngakhale tambala.

Simenti_Mchesi
A Gologolo, pamenepo mwapeputsa. Ine ndimagulitsa zomangira ku Lilongwe. Ndili ndi amisiri anayi amene akhala nane zaka zambiri, ndipo bizinesi yanga yaima pa iwowo. Mmisiri akapeza ntchito yomanga, mwini nyumba amamufunsa kuti simenti, misomali ndi malata tikagule kuti. Mmisiri mmodzi amandibweretsera eni nyumba asanu kapena asanu ndi mmodzi pachaka, anthu amene sindikanawapeza ndekha. Akandiuza kuti bwana ndipatseni matumba khumi, abwana anga atumiza Lachisanu, ndimapereka. Ndikamukaniza ameneyo ndadzidula dzanja.

Gologolo_MBA
Sindikutsutsa, akuluakulu. Inu muli m'gulu lomwe mfundo ija imagwira, chifukwa mmisiri wanu ndi wotsatsa malonda wosalandira malipiro. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti aliyense amene wakhalitsa ndi wopindulitsa. Mu 2002 Werner Reinartz ndi V. Kumar anatenga mabuku a makampani anayi, a ku America, France ndi Germany, n'kuona zaka zimene kasitomala wakhala ndi phindu limene wabweretsa. Anapeza kuti zinthu ziwirizi sizigwirana kwambiri monga anthu ankanenera. Makasitomala akale ambiri amadziwa kuti ndi ofunika, ndiye amanenerera mtengo, amafuna kuwasamala mwapadera, mapeto ake phindu pa iwo limachepa. Anawagawa m'magulu anayi, koma awiri ndi amene sindiwaiwala. Ena anawatcha agulugufe: amagula zambiri, amalipira bwino, koma sakhalitsa. Ena anawayerekeza ndi tinkhono timene timamatirira kunsi kwa sitima yapamadzi, kukhala nawe zaka koma kumangokulemetsa. Kwathu kuno tikanati nkhupakupa.

Simenti_Mchesi
Nkhupakupa ndili nazo ziwiri. Mmodzi amabwera tsiku lililonse, amakhala pa thumba la laimu, amamwa tiyi wanga, amagula misomali theka la kilo.

Aunty_wa_Saluni
Ine ndikufuna ndinene za mbali ina imene simunaikhudze. Kasitomala amakhala wokhulupirika kwa ndani? Ndinali ndi mtsikana wodziwa kuluka, manja opepuka, mutu suwawa ngakhale akuluke tsiku lonse. Zaka zitatu saluni yodzadza, ine n'kumadzitama kuti ndili ndi makasitomala. Tsiku limene anachoka kukatsegula yake, Loweruka lotsatira ndinakhala ndi madiraya atatu opanda mutu. Sanabe kanthu, sanandinenere zoipa. Anthu aja sanali anga, anali a manja ake. Ndiye mayi NaBanda dzifunseni, mayi aja ankabwerera inuyo kapena buku lija?

NaBanda_Golosale
Achemwali, mwandilasa.

Mjoni_wa_ku_Kempton
Ndili ku Joni kuno, ndinagwirapo ntchito mu spaza (ndi mmene amatchulira golosale yaing'ono kuno) ya anthu a ku Ethiopia chaka ndi theka. Anthu awa nkhani ya ubale ndi kasitomala saitenga ngati ife. Amatsegula kusanache, amatseka usiku, katundu amaoda pamodzi ndi anzawo kuti mtengo utsike, ndipo shelefu siikhala yopanda kanthu. Ngongole amapereka, koma kwa agogo olandira ndalama ya boma, chifukwa tsiku lolandira limadziwika, ndipo pali malire ake. Ukafika pamalirewo ngakhale ulire, bwana amangoti mawa. Anthu amawanyoza, mawa lake m'mawa ali pamzere kugula buledi.

Mwalimu_Karonga
Ndiwonjezere pa zimene anena a Gologolo. Kunali katswiri wina ku Britain, Andrew Ehrenberg, amene anatha zaka zambiri akuwerenga zimene anthu amaguladi, osati zimene amanena. Ntchito yake ikupitirizidwa ndi bungwe la Ehrenberg-Bass ku Adelaide, m'dziko la Australia. Chimene anapeza n'choti ogula ambiri sakhala ndi sopo mmodzi kapena shopu imodzi. Amakhala ndi ziwiri, zitatu, n'kumasinthasintha malinga ndi imene ili pafupi ndi imene ili ndi katundu tsikulo. Ofufuza ena amachita kunena kuti kukhulupirika kwa kasitomala n'kwa mitala. Anapezanso kuti malonda aang'ono amalangidwa kawiri: ogula ake ndi ochepa, ndipo ochepawo sabwereza kugula kawirikawiri ngati a malonda aakulu. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti, mwina mayi aja ankagula kwina kuyambira kalekale, inu simunkawaona chifukwa shopu inayo inali kutali.

Kabaza_wa_Ndix
Ndiye kuti mayi NaBanda anali mkazi wamkulu osadziwa kuti kuli wamng'ono kkkk

Make_Mapasa
Iwe Kabaza ukwatire kaye ndiye uzilankhula za mitala.

Dada_Zitumbuwa
Ine zanga ndi zazing'ono, mandasi ndi zitumbuwa pa depoti, koma amene amandithawitsira makasitomala si mpikisano ayi. Ndi chenji. Munthu wabwera m'mawa ndi K5,000 yosaphwanya, akufuna mandasi awiri. Ndiyambe kuthamanga kwa wa ma units, kwa kondakitala, kwa mayi wa nthochi, pobwera munthu wakwera minibasi, ena awiri amene anaima ayenda. Chibwerereni pepala la K5,000 mu 2022 ndimavutika m'mawa uliwonse.

Gologolo_MBA
Dada, zanuzo si zazing'ono, anthu anachitapo kafukufuku weniweni. Kumadzulo kwa dziko la Kenya, Lori Beaman, Jeremy Magruder ndi Jonathan Robinson anatsatira mabizinesi aang'ono mazana angapo n'kumawafunsa kuti pa sabata chenji yawathera kangati. Anapeza kuti bizinesi wamba imataya 5 mpaka 8 peresenti ya phindu lake chifukwa cha chenji basi, kuwerengera malonda othawa ndi nthawi yokasaka chenjiyo. Chosangalatsa n'choti kungowafunsa sabata ndi sabata kunachititsa kuti ambiri ayambe kubwera ndi chenji m'mawa. Palibe anawapatsa mpamba. Ankangofunika kuona kuti pakuchucha.

Dada_Zitumbuwa
Ndiye kuti madzulo ndizisiya timapepala ta K100 ndi K200 padera, osagulira ndiwo. Vuto ndiwo zake.

Mfumu_ya_Bawo
Inu mukungozungulira ndi mabuku a azungu. Mnyamata wotsegula dzulodzuloli angalande bwanji makasitomala a zaka 7? Anapita kwinakwake ameneyo. Mayi NaBanda muyang'ane bwino pakhomo pa shopu m'mawa musanasese. Komanso mu kabati ya ndalama muziikamo kakala, chitaka chilipo.

Aunty_wa_Saluni
Zayambika.

Mlaliki_Wamng'ono
M'bale, tisaphunzitsane zimenezo. Pempherani pa bizinesi yanu, osati makala.

Mfumu_ya_Bawo
Abusa, inu simunaonepo ndalama ikusowa mu kabati yokhoma? Malume anga ku Mulanje anatseka okala chifukwa cha chitaka. Madzulo aliwonse ndalama zosakwana, kiyi ali nayo okha.

Wowerengera_Zomba
A Mfumu, sindinyoza malume anu, koma ndakhala ndikuthandiza anthu a mabizinesi aang'ono kulemba mabuku, ndipo chitaka chimene ndimachipeza kawirikawiri chili ndi zala zisanu ndipo ndi cha mwini shopu. Mwana wabwera kuti aphunzitsi akufuna ya mayeso, watapa. Mlendo wafika, watenga Fanta ndi mabisiketi pa shelefu. Akazi ako atenga sopo ndi mchere. Palibe chalembedwa. Madzulo ukawerenga, ndalama sizikugwirizana ndi katundu, ndiye uganiza za mfiti.

Ku Dominican Republic anayesapo zinthu ziwiri pa anthu okongola ndalama za bizinesi, Alejandro Drexler, Greg Fischer ndi Antoinette Schoar ndi amene anachita. Gulu lina analiphunzitsa kalembedwe ka mabuku a ndalama, akawunti ya m'kalasi. Gulu lina anangolipatsa timalamulo tosavuta: ndalama za bizinesi uziika pena, zapakhomo pena, udzidulire malipiro ako, ndipo ukabwereka ku bizinesi ulembe n'kubweza. Amene anasintha kachitidwe kawo ndi a timalamulo tosavutati, makamaka amene poyamba sankadziwa zambiri za ndalama. Akawunti ya m'kalasi ija siinaphule kanthu kwenikweni. Ndiye kakala kaikeni ngati mukufuna, koma mugulenso kabokosi kachiwiri.

Admin_Geni
Abale, za chitaka tizitsegulira mutu wake. Tibwerere kwa mayi NaBanda.

Mwalimu_Karonga
Poti mayi anafunsa kuti kafukufuku anachitikira kuti, nditchule wina wa kwathu konkuno. Francisco Campos, Markus Goldstein ndi David McKenzie a ku World Bank anatenga mabizinesi osalembetsa oposa 3,000 ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ena anawathandiza kulembetsa kwa Registrar General mwaulere, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anavomera n'kulandira satifiketi. Atawauza zolembetsanso za msonkho, ovomera anali ochepa zedi, izo sitidabwa. Koma nkhani ili apa: satifiketi payokha siinasinthe malonda kapena phindu. Amene anapindula ndi gulu limene kuwonjezera pa satifiketi linakumana ndi a banki, kuphunzira zolekanitsa ndalama, n'kupatsidwa mwayi wotsegula akawunti ya bizinesi. Kumeneko malonda anakwera ndi pafupifupi 20 peresenti, phindu ndi pafupifupi 15. Mukaona bwino, zikufanana ndi kabokosi kachiwiri ka a Wowerengera.

Simenti_Mchesi
Satifiketi yanga ili mu fulemu pakhoma, ntchito yake ndi kubisa mng'alu.

Make_Mapasa
Kabokosi kachiwiri n'kabwino kwa inu abambo. Ife amayi bokosi likhale lachitatu kapena lachinayi, bambo akunyumba akadziwa pamene lili ndiye kuti latha. Ine ndinatenga ndalama ku banki m'khonde kuti ndiwonjezere bero la kaunjika, zinakathera kugula tayala la njinga yamoto yawo. Akuti ikayenda tibweza. Ndinabweza ndekha.

Gologolo_MBA
Make Mapasa, zimenezo zinadabwitsapo ofufuza. Ku Sri Lanka, Suresh de Mel, McKenzie yemwe uja ndi Christopher Woodruff anapatsa eni mabizinesi aang'ono mpamba waulere wa madola 100 kapena 200. Pa onse pamodzi, ndalamayo inkabala pafupifupi 5 peresenti pamwezi, kuposa chiwongoladzanja cha kubanki. Koma atagawa amuna ndi akazi, phindu lonse linali kwa amuna, mabizinesi a amayi sanasunthe. Anthu anayamba kunena kuti mwina amayi satha bizinesi. Patapita zaka, ofufuza ena anabwereranso ku manambala a ku Sri Lanka, India ndi Ghana, n'kupeza kuti pakhomo pamene bambo alinso ndi bizinesi, ndalama ya mayi imakonda kukalowa ku bizinesi ya bamboyo. Pamene mayi ndi yekhayo wochita bizinesi, ndalama inkabala bwinobwino.

Make_Mapasa
Akanangondifunsa ine, sakanawononga ndalama za ndege.

Bambo_a_Tadala
Musatipake tonse matope. Enafe mpamba wa akazi athu tinapereka ndife.

Make_Mapasa
Ndiye inu khalani phee, sitikunena inu.

Wophunzira_MUBAS
Ine ndili chaka chachitatu, ndipo mwina ndingagwirizane ndi mwana wa achemwali awo a mayi NaBanda. Bwanji osangoyeza? Reichheld yemweyo mu 2003 anabweretsa funso limodzi: kuyambira 0 mpaka 10, mungauze mnzanu kuti azigula kuno? Oyankha 9 ndi 10 ndi okukonda, 7 ndi 8 ali pakatikati, 6 kutsika m'munsi ndi okunyoza. Mumachotsa peresenti ya okunyoza pa ya okukonda. Makampani akuluakulu ambiri amagwiritsa ntchito njira imeneyi. Mayi atha kufunsa makasitomala 30 n'kudziwa pamene aima.

Aunty_wa_Saluni
Mwanawe, ufunse Mmalawi maso ndi maso kuti shopu yanga ukuipatsa zingati? Aliyense ati teni. Amene ali m'buku la ngongole ati twente. Ife timati "zili bwino" tsitsi litapsa ndi mankhwala, kukalirira kunyumba.

Wowerengera_Zomba
Aunty anena zoona, ndipo mayankho a pakamwa ndi amene amasokeretsa ma projekiti ambiri a ophunzira. Mafunso onse "ndikugwirizana nazo kwambiri", kenako wophunzira alemba kuti makasitomala ndi okhutira. Mayi NaBanda ali ndi chinthu choposa mafunso, ali ndi buku la zaka 7. Mayi, chitani izi usiku uno. Onkhetsani zimene mayi aja ankagula pamwezi. Pa katundu wa golosale, phindu mukulidziwa nokha pa paketi iliyonse. Muone kuti pamwezi ankakusiyirani zingati zenizeni, kenako mugawe K86,000 ija ndi nambala imeneyo. Muonanso kuti amabweza patapita masiku angati.

Musaiwale kuti ngongole ya m'buku imaonda. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Aliyense amene anali ndi anthu m'buku masiku amenewo anabwezeredwa ndalama zosakwana kuodanso katundu yemwe uja. Munakongoza mapaketi khumi a shuga, akubwezerani ndalama ya mapaketi asanu ndi awiri, inu n'kuthokoza kuti abweza.

Mjoni_wa_ku_Kempton
Apa ndiye mwalasa. N'chifukwa chake bwana wanga uja sankalola ngongole kudumpha mwezi.

Simenti_Mchesi
Komabe ndikuti musawataye. Munthu wa zaka 7 sasintha dala. Mwina bambo akunyumba ntchito inatha. Kuthawa kuja ndi manyazi, si mwano. Mukawatumizira uthenga waukali, ndalama mwataya, munthu mwataya, ndi azimayi anzawo a kumpingo omwe. Apatseni njira yobwerera: azigula kashi kwa inu, pa ngongole yakale aziponya kangachepe sabata iliyonse, buku latsopano ayi.

Kabaza_wa_Ndix
Kapena mundipatse ine teni pa handiredi, ndikaima pageti pawo ndi njinga m'mawa uliwonse kuwapatsa moni.

NaBanda_Golosale
Ndabweranso. Usiku ndinakhala pansi ndi mabuku atatu, lina linanyowa ndi mafuta koma likuwerengeka. Chaka chathachi mayi aja ankatenga katundu wa pafupifupi K60,000 pamwezi, koma zambiri ndi shuga, buledi ndi mafuta, zinthu zimene phindu lake ndi lochepetsetsa. Ndikawerengera amandisiyira mwina K6,000 pamwezi. Ndiye K86,000 ija ndi phindu la miyezi 14 la iwo omwewo. Ndaonanso chinthu chimene sindinkachiona: kuyambira chaka chatha sanabwezepo yonse. Ankapereka theka, ine n'kusamutsa yotsala kupita tsamba lina. Ngongole siinabwere mwezi umodzi, ndinkaikweza ndekha ndi bolopeni yanga.

Chinanso, m'buku muli maina 23. Amene ndimawatcha makasitomala anga enieni onse ali m'menemo. Koma pali anyamata ena opala matabwa kuseri kwathu, amagula Fanta, sikono ndi ma units kashi tsiku lililonse, zinthu za phindu labwino, ndipo ngakhale dzina la mmodzi sindilidziwa. Sabata yatha anabwera kawiri sikono zitatha, chifukwa ndalama yooda inali m'buku.

Gologolo_MBA
Anyamata a matabwawo ndi amene mnyamata wa kutsidya akuwafuna, osati mayi a K86,000.

Mfumu_ya_Bawo
Koma pakhomo munayang'ana musanasese?

NaBanda_Golosale
Ndinayang'ana a Mfumu, ndinapeza chitsekerero cha Fanta. A Simenti, ndatsatira zanu. Ndinawatumizira uthenga wofatsa, ndinati amayi musazungulire, njira ndi yomweyi, tikambirane. Sanayankhe. Koma m'mawa uno kwabwera mwana wawo wamkazi, wa sitandade 6 uja, ndi K10,000 yokulunga m'kapepala. Ndalandira, ndalemba iye akuona. Ndiye mwanayo waima osachoka, akukanda kauntala ndi chala. Ndamufunsa kuti china n'chiyani. Akuti amayi amati muwapatseko sopo mmodzi ndi shuga, mulembe.

Make_Mapasa
Ndiye mwatani?

NaBanda_Golosale
Shuga ndakana. Sopo ndamupatsa, yunifolomu yake inali yakuda pakhosi. Sindinalembe m'buku lawo, ndalemba patsamba langa la zotenga pakhomo limene ndayamba lero. A Wowerengera, pamenepo ndalemba malo oyenera?

Wowerengera_Zomba
Malo ake ndi omwewo. Mulembenso deti, ndipo Loweruka mubweze ya sopoyo mu kabati kuchokera m'thumba mwanu.